Malowolo a Nkhosa za Papepala

1

Dzina langa ndine Elizabeti Nachisale, koma mukafunsa dzina limeneli pamsika wa Mponela anthu azingoyang'anana. Mufunse kuti, "Amake Tamara a nyemba ali pati?" Akulozerani, nkukuchenjezani kuti musayese kunenerera. Sukulu ndinalekeza Sitandade 4, ndiye mukapeza chilembo chopindika m'nkhani ino, chiwongoleni nokha. Ine ndilibe nthawi.

Ndikulemba chifukwa Amalawi ndi anthu a ku Zambia okhala ku Dubai andinena mokwanira m'magulu awo a pafoni. Ena akuti dzuwa la kuno linandizunguza mutu. Ena akuti ndinafuna kusinthanitsa mwana wanga ndi pepala. Zoona zake nzochititsa manyazi kuposa pamenepo, ndiye bola muzimve kwa mwini wake.

Mwana wanga Tamara ndi nesi ku Dubai. Chaka chatha anandiimbira kuti wapeza mwamuna, dzina lake Lubasi, wa ku Zambia, wokonza ndege. Ananditumizira tikiti ndi viza ya alendo. Holo ya ukwati anali atasungitsa kale ku Festival City.

"Amayi, inu mungobwera kudzadalitsa," anatero. "Zonse takonza."

Tili m'galimoto kuchokera kubwalo la ndege, mwana uja analakwitsa chinthu chimodzi. Analankhula.

"Kwawo kwa Lubasi amalowola, koma ndawauza kuti kwathu ku Dowa zimenezo kulibe."

"Wawauza chiyani?"

"Kuti ife Achewa sitilowola. Si zoona?"

"Nzoona tikakhala tokha. Munthu wabwera yekha chikwama chili chotsegula, iwe nkumuuza kuti atseke? Ndinakulipirira sukulu ya unesi kuti uzichiritsa anthu, osati kuti uziluza malonda."

"Amayi, ine si malonda. Ndiponso nkhoswe ndi amalume Rodrick, si inu."

Rodrick ndi mchimwene wanga. Anagulitsapo njinga yake pamtengo wa nkhuku, nkumuperekeza wogulayo mpaka pamsewu akumuthokoza. Ndinamuuza Tamara kuti Rodrick adzakhalapo pafoni, pakamwa pake ndidzakhala ine.

2

Nkhoswe ya Lubasi inali amalume ake, Bambo Jethro, okhala ku Satwa pamwamba pa shopu yopanga mafelemu a zithunzi. Munthu wamtali, wa imvi, mkazi wake anamwalira kalekale. Ntchito yake ndi kulongedza ndi kupachika zithunzi m'nyumba za anthu olemera, atavala magolovesi oyera ngati akukanyamula khanda la mfumu.

Tinakhala pansi. Foni ya Rodrick tinaitsamiritsa pachitini cha shuga. Atangoti "Tikulandirani," netiweki ya ku Dowa inamuumitsa pakamwa pali yasa. Anakhala choncho msonkhano wonse, ndipo sanayambe wathandizapo chotero.

"Bamake Tamara," anayamba Bambo Jethro m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka, "ife ku Mongu timapereka ng'ombe. Manje kuno ng'ombe kulibe. Tingakambe chabe za ndalama."

Ine pamsika ndili ndi njira yanga. Sindiyang'ana chimene munthu waika patebulo. Ndimayang'ana kumene maso ake akuthawira. Maso a bambo ameneyu ankangothawira pakona yamdima, kutali ndi zenera, pamene panali kachithunzi kakang'ono ngati chivundikiro cha poto.

Ndinadzuka kukaona. Kanali kapepala kachikasu ndi ukalamba, kojambulidwa pamanja ndi choko chofiira ngati dothi la katondo. Mnyamata wovala chipewa cha maliboni wagona pansi pa mtengo, akuliza chitoliro. Mtsikana wa diresi lotukumuka wakhala pambali pake, dengu la maluwa pamiyendo. Kumbuyo kwawo nkhosa zikungoyendayenda popanda woziyang'ana.

"Mwati ziweto kuno kulibe?" ndinatero. "Nanga izi? Ndikufuna nkhosa zimenezi."

Lubasi anatsamwa ndi tiyi. Tamara anabisa nkhope m'manja. Bambo Jethro anaimirira pang'onopang'ono nkukaima pakati pa ine ndi khoma.

"Icho sichichoka pa msomali."

Ndinadziwa kuti ndagwira pabwino.

3

Mawa lake Bambo Jethro anandiitana kuti akandifotokozere chifukwa chake. Tamara anandionetsa kakweredwe ka sitima ya metro, nkundiuza kuti ndikalankhule ngati mayi wa nesi. Ndinapeza chitseko atachitsegula chonse, kuti oyandikana nawo asaganize zina, ndi makapu awiri a tiyi wa karaki, uja wamkaka wambiri wonunkhira zokometsera.

Anavala magolovesi, nkutsitsa chithunzi chija.

"Ichi chinajambulidwa ku France kale maningi, mafumu akali kulamulira kuja," anatero. "Wojambula sitimudziwa dzina."

"Ankadziwa nkhosa ameneyo? Mbusa wanji wovala maliboni? Mtsikanayu mapazi oyera ngati sanapondepo m'khola. Kwathu nkhosa zimenezi bwenzi zili kale m'munda wa eni ake, awiriwa ali pabwalo la milandu."

Ndinkayembekeza kuti akwiya. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi golovesi, kenako nkudzidzudzula yekha chifukwa chonyowetsa golovesiyo.

"Naine ninaweta ng'ombe nili mwana. Maliboni sininaone, ninaona nkhupakupa. Koma ndiye nkhani yake iyo. Anthu olemera a ku Paris anali kufuna mudzi wopanda fungo. Anali kugula abusa a papepala, kuwasunga m'mabuku aakulu, nkumaonetsa anzawo akatha kudya."

"Ngati awa a kuno ogula ngamila zapulasitiki."

"Chimodzimodzi."

Kenako anandionetsa m'munsi mwa pepala. Panali tizidindo ting'onoting'ono ngati nthata, kena kozungulira, kena kokhala ndi zilembo. Anatembenuza felemu, kumbuyo kunali zolembalemba za inki yofwifwa. Anati aliyense amene anakhalapo mwini wake ankasiya chizindikiro chake, ndipo anthu odziwa amatsata zizindikirozo ngati mapazi pamchenga, kuti adziwe kumene pepala ladutsa.

"Aka ni ka munthu wokhometsa misonkho. Anthu ataukira mfumu, anam'dula mutu. Katundu wake yense anam'gulitsa pa okushoni."

"Ngati fodya ku Kanengo?"

"Ngati fodya."

"Anachita bwino kumudula. Nanga kachiwirika?"

"Mubwere mailo, bamake Tamara. Manje nili na nchito ku Al Quoz."

Mawa lake ndinabwera. Kachiwiri kanali ka dokotala wa ku Lyon amene ankabisa chithunzicho m'kabati ya mankhwala, chifukwa mkazi wake ankati mtsikana wa maluwayo akufanana ndi wantchito wawo wakale. Ndinati mkaziyo sanali wopusa. Tsiku lina ndinamva za mayi amene anasokerera pepalalo mkati mwa jasi pothawa nkhondo, nkuyenda nalo osawerama kuti lisapindike. Womaliza anali Madamu Odile, nkhalamba ya Chifalansa imene inabwera nalo ku Dubai. Bambo Jethro anawapachikira zithunzi zaka zambiri. Atadwala, ana awo anabwera kudzalimbirana zithunzi zikuluzikulu za penti, aka palibe anakayang'ana. Madamu anakatsitsa okha nkuwapatsa.

"Nanga chidindo chanu chili pati?"

"Ine nine wosunga chabe."

"Mukagulitsa mungagule nyumba?"

"Iyayi. Mwina firiji yabwino."

Apa mukhoza kufunsa kuti nanga ndinkalimbikira chiyani, firiji kwathu ndili nayo. Dikirani. Ndingonena kuti masiku ankapita, ine ndinkapitabe ku Satwa, ndipo eni ake a pepalalo sankatha. Kunabwera woyendetsa sitima ya pamadzi amene analiwina pa juga. Kunabwera bishopu amene ankalitembenuzira kukhoma nyengo ya Lenti.

4

Kunyumba kwa Tamara ku Al Mankhool zinthu zinali zitatentha kuposa panja.

"Lero zatha bwanji?" ankandifunsa akamavula nsapato za kuntchito.

"Munthu uja ngouma mutu."

"Amayi, a holo akufuna tiwatsimikizire tsiku. Viza yanu ikutha. Diresi telala wamaliza. Chatsala ndi inu."

"Malonda abwino sathamangira."

"Ndati ine si malonda."

Lubasi, mwana waulemu, anabwera tsiku lina atanyamula chinthu chachikulu chokulunga. Anagwada, nkuchivundukula. Anali atajambula chithunzi chija pafoni, nkukachisindikiza kukula ngati chitseko, felemu yagolide.

"Amayi, onani, nkhosa zomwe zija. Izi ndiye zonenepa."

"Mwana wanga, ndikakupempha nkhuku undipatsa chithunzi cha nkhuku?"

Anakanda mutu. "Koma amayi, zinazonso ndi chithunzi."

Ndinamuuza kuti kwathu mkamwini sayankha apongozi.

Nkhani inafalikira. Kutchalitchi kwa Amalawi azimayi ankandipatsa moni wa nsonga za zala. Wina wogwira ntchito m'ndege anandifunsa mokweza ngati nkhosa zanga ndazibayitsa katemera. Ndinamuuza kuti ayambe wapeza womulowola ngakhale ndi chithunzi cha bakha. Koma mawu amene anandilasa anali a Tamara. Mmawa wina ndinam'peza atakhala kukhitchini, tiyi wazizira, akutembenuza mphete pachala.

"Amake Lubasi akuti ngati banja lathu lili chonchi ukwati usanachitike, ndiye ukadzachitika zidzatha bwanji. Akubwera kuchokera ku Lusaka. Amayi, munthu uyu ndimam'konda. Mukandiluzitsa chifukwa cha pepala, sindidzakukhululukirani."

Ndinati ndikonza. Ndinavala chitenje changa chatsopano, nkupaka mafuta onunkhira amene ndinanenerera kwa Mwiindiya wa ku Satwa mpaka anati "Khalas, mama, tengani muzipita." Ndinakwera metro. Ndinabwerako nditamva za bishopu wachiwiri, osakonza kanthu.

5

Amake Lubasi, Mayi Edinah, ndi mlongo wa Bambo Jethro. Ndi mayi wamfupi, woyenda ngati akukatseka shopu ya munthu. Anatisonkhanitsa tonse Lamulungu masana pabalaza la Tamara. Rodrick tinam'tsamiritsa pabotolo la sobo, ndipo anauma nthawi yomweyo, diso limodzi lili chotseka.

"Ine sininabwere kumwa tiyi," anatero Mayi Edinah. "Mwana wanga ali na nchito, ali na nyumba, sakumwa moba. Ngati simum'funa, kambani, nim'tenge. Atsikana ku Lusaka sanathe."

Lubasi anayang'ana pansi. Tamara anavula mphete nkuiika patebulo, pafupi ndi Rodrick. Sanalire. Bola akanalira.

Kenako Mayi Edinah anatembenukira kwa mchimwene wawo.

"Naimwe ba Jethro, mwakalamba na nzeru zonse? Pepala chabe. Mufuna mwana wa mlongo wanu afe wosakwatira chifukwa cha nkhosa zosalira? Apatseni."

Bambo Jethro anangoyang'ana mawondo awo. Mlongo wawo anawanena za kuuma mtima, za kukonda zinthu za azungu akufa kuposa abale amoyo, mpaka anakumba nkhani ya wailesi imene anakana kubwereka ali anyamata. Bambo aja anangomeza zonsezo. Akanatha kudziombola ndi mawu awiri okha, koma anasankha kupsa m'malo mwanga.

Ine ndanamizapo anthu za kulemera kwa thumba la nyemba, koma sindinaonererepo munthu akumenyedwa chifukwa cha mlandu wanga.

"Asiyeni," ndinatero. "Anandipatsa kale."

Onse ananditembenukira.

"Anakupatsani liti?" anafunsa Tamara.

"Sabata yoyamba yomwe ija. Anachikulunga bwinobwino, nkundiikira m'manja. Anati mwana wa mlongo wawo ndi wofunika kuposa pepala."

"Ndiye chili kuti?"

"Pa msomali. Ndinakana. Ndinati felemu yakalika pakona, akonze kaye. Atakonza ndinati galasi lili ndi chifunga. Atasintha galasi ndinati sindingalandire katundu ndisanamve mbiri ya eni ake onse."

"Chifukwa chiyani, amayi?"

Kunena zoona, kubereka Tamara kunali kosavuta kuposa kuyankha funso limenelo.

"Chifukwa ndikanalandira, nkhani ikanatha. Ndikanapitanso kukatani ku Satwa?"

Chimwalirireni bambo ake Tamara, palibe mwamuna anandithirirapo tiyi. Onse amandiopa, ndipo ndimafuna azindiopa. Uyu ndinkamunyoza nkhosa zake iye nkumaseka, kenako nkundifunsa maganizo anga pa za bishopu ngati ndine munthu wa digiri. Zimenezi sindinanene pabalaza paja. Ndikuuza inu.

Bambo Jethro anakonza kukhosi.

"Mlandu si wawo okha. Tizidindo pa pepala paja ni tochepa, mungatiwerenge pa dzanja limodzi. Eni ake enieni anathera pa Madamu Odile. Wa sitima ya pamadzi uja ninamupanga ine. Na mabishopu onse awiri."

"Bishopu wa Lenti uja ngwabodza?" ndinafunsa. Zinandipweteka kuposa mmene ndinkayembekezera.

"Pepani, bamake Tamara. Ninaona kuti mukafika kwa Madamu muleka kubwera."

"Ndinadziwa," ndinatero, ngakhale sindinadziwe.

Mayi Edinah anakhala pansi kwa nthawi yoyamba. Anayang'ana mchimwene wawo, nkuyang'ana ine, nkuyang'ananso mchimwene wawo.

"Asebele na asebele," anatero motsitsa. "Tinakutumani kukamba za ana, imwe mukamba zanu."

Nthawi yomweyo netiweki ya ku Dowa inabwerera. Rodrick anatsegula diso lina lija.

"Ndiye tagwirizana bwanji, akuluakulu?"

Woyamba kuseka anali Lubasi. Anayesa kubisa m'kolala ya shati koma zinakanika. Tamara sanaseke. Anatola mphete yake, nkuivala, nkundiyang'ana mmene ine ndimayang'anira munthu wobwera ndi sikelo yakeyake pamsika.

"Mawa mukatenge nkhosa zanu," anatero. "Tipita limodzi. Mukafuna tiyi mudzamwa kuno."

6

Ukwati unachitika ku Festival City tsiku lomwe anasungitsa lija. Pa perekaniperekani woyendetsa mwambo anaitana "onse amene ali ndi ziweto kunja kwa dziko," holo yonse nkunditembenukira. Ndinavina ndithu. Ine ndi Bambo Jethro anatikhazika pa matebulo otalikirana, Mayi Edinah ali pakati ngati mpanda.

Chithunzi chija chinali changa tsopano. Tisanachichotse ku Satwa ndinaumirira kuti nanenso ndisiye chizindikiro, poti ndi mwambo wa eni ake. Ndinali nditabweretsa bolopeni. Bambo Jethro anatsala pang'ono kukomoka. Tinanenererana mpaka tinagwirizana kuti alembe okha ndi pensulo, pakathabwa ka kumbuyo, osati papepala. Analemba J.M., pansi pake E.N. Ndinawauza kuti wosunga nayenso ndi munthu.

Patapita masiku, viza yanga ili pafupi kutha, anabwera ku Al Mankhool atavala jekete m'dzuwa lonse lija. Anati akufuna kulankhula ndi a kubanja kwanga. Rodrick anaimbidwa, nkuuma. Tamara anakoka mpando, nkukhala moyang'anana nawo.

"Amalume ali pafoni," anatero, "pakamwa pawo ndikhala ine."

Mawu amenewo ndinkawadziwa.

"Mwati mukufuna amayi anga. Kwanu mumalowola, si choncho?"

"Tamara," ndinatero, "ife Achewa sitilowola."

"Nzoona tikakhala tokha. Khalani chete amayi, mkwatibwi salankhula." Anatembenukira kwa Bambo Jethro. "Ndikufuna nkhosa zija."

"Mwana wanga, nkhosa zija si zanga manje. Ni za amako."

"Ndiye kambiranani. Ine ndili pa shifiti ya masana. Yalla, fulumirani."

Ndinayesa zonse zimene ndikudziwa. Ndinam'patsa chachikulu chija cha felemu yagolide, anati akandipempha nkhuku ndisam'patse chithunzi cha nkhuku. Ndinanyamuka ngati ndikuchoka, njira imene siinandilepherepo pamsika, koma nyumba inali yake, ndinalibe kolowera. Ndinam'kumbutsa kuti ndinam'yamwitsa. Anati anandilipira kale ndi tikiti ya ndege.

Ndinalowa kuchipinda, nkutulutsa nkhosa zanga m'sutikesi mmene ndinazikulunga ndi zitenje, nkuzipereka kwa Bambo Jethro, iwo nkuzipereka kwa Tamara. Zinadutsa m'manja mwawo nthawi yongokwanira kunena kuti zikomo.

7

Tsopano ndimakhala ku Satwa, pamwamba pa shopu ya mafelemu. Nyemba za ku Mponela akugulitsa ndi Rodrick, ndipo sindifunsa mitengo kuti ndisadwale. Pa msomali paja tinapachikapo chachikulu chija cha Lubasi. Chimatseka theka la khoma, ndipo bambo akunyumba amachidutsa atayang'ana kumbali.

Chenicheni chili ku Al Mankhool, pakona yopanda dzuwa. Lamulungu timapita kukachiona. Kumbuyo kwake kwawonjezeka T ndi L. Pamndandanda wa eni ake onse, kuyambira wamisonkho wodulidwa mutu uja, palibe anakhala nacho nthawi yochepa ngati ine, ndipo palibe wina anachipereka kuti adzilowole yekha.

Inu owerenga, makamaka azimayi anzanga amene ana anu akukuitanirani kunja kukadalitsa maukwati, sindikuuzani kuti musanenerere. Nenererani ndithu, dziko lino silipatsa munthu waulemu. Koma mukaona kuti wogulitsa wavomera mtengo wanu inu nkukhalabe chiimire, mukufunsa za chivundikiro, za chingwe, za kumene katundu anachokera, dziwani kuti simunabwerere katunduyo. Nenani msanga chimene mwabwerera, mwana wanu asanavule mphete. Ine ndinatsala pang'ono kuphwanya banja la mwana wanga chifukwa choopa kunena kuti tiyi wa munthu wandikomera.

Mbusa wa maliboni uja ndinam'nyoza kwambiri kuti wasiya nkhosa nkumamuimbira mtsikana chitoliro. Masiku ano ndikaima patsogolo pake sindim'nenanso. Iye nkhosa zake zikadali pomwepo kumbuyo kwake. Zanga zinapita.